Khadi Imene Ndagula Si ya Ukwati

Wokondedwa mlongo wanga Efulemu,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Tadala. Nanga miyendo ya amayi yasiya kutupa? Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti kuzizira.

Choyamba, uwauze azakhali a ku Nathenje asiye kufunsa mtundu wa nsalu yoti abale adzavale. Anandiimbira foni akululutira, ati amva kwa amayi kuti ndagula khadi ndipo ikubwera pa basi. Khadiyo si ya ukwati. Ndi ya zithunzi, yoika m'kompyuta ya kushopu kwako ku Mitundu, kuti gemu ya mpira isamadukeduke, makasitomala asiye kuthawira kushopu ya Ismael. Nditawafotokozera azakhaliwo, anandifunsa ngati banja nalonso ndilithawa monga ndinathawira sukulu. Ndinadula foni.

Kusankha zipangizo kwandivuta. Abwana anga a kuntchito ankandikakamiza pulosesa yatsopano, ubongo wa kompyuta, koma imeneyo ikanafuna kusintha bolodi lonse lolumikizapo zipangizo, ndipo thumba langa silifika kumeneko. Ndatenga khadi yakale koma yamoyo, ndaiyesa ndekha, ndi ramu imodzi yothandiza kompyuta kuthamanga, yofanana ndi imene ilimo. Zina zidikire.

Chikundidetsa nkhawa ndi chithunzi unanditumizira chija. Pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi mkatimo, si kanga. Kanga kanali kakuda, ndipo pakona ndinadonthezapo utoto wofiira wa zikhadabo. Kali pachithunzipo n'kotuwa, kopanda ndi dzina lomwe. Unandiuza kuti magetsi atabwera mwamphamvu kompyuta inazima, unapita nayo kwa Zakeyu wokonza mafoni uja, n'kuyakanso. Sunanene kuti anasinthamo kanthu. Mwina nawenso sudziwa. Khadi imeneyi imadya magetsi ambiri. Pa kabokosi kotero ikhoza kupsa pamodzi ndi bolodi, iwe n'kutseka shopu.

Pempho langa ndi limodzi. Katundu akafika, khadiyo usaike, ngakhale makasitomala akukakamize bwanji. Yamba wapita kwa Zakeyu ukamufunse kabokosi kanga. Ngati kanapsa, akuonetse mtembo wake, ndidziwe kuti ndifunefune kena. Ngati kali m'kompyuta ya munthu wina, akachotse iwe uli pomwepo. Ukakapeza, ujambule pepala lomata pambali pake, manambala aoneke, osati chala chako ngati ulendo watha.

Udzati ndikukokomeza. Koma kompyuta imeneyo ndinaimanga ndekha ndili ku yunivesite, chidutswa ndi chidutswa, anzanga akundiseka. Pa zonse zimene ndinayamba kumeneko, ndi yokhayo ndinamaliza. Isafere m'manja mwako.

Upereke moni kwa amayi, kwa amalume a ku Malingunde ndi kwa alamu anga. Azakhali nawonso uwapatse moni. Akafuna kuona khadi, uwaonetse ili m'pepala lake, koma asaigwire.

Ndine mlongo wako,
Jenipher