Mabatani Amene Sindinakuphunzitse

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino kukolejiko. Chifuwa chija chinasiya? Kuno tonse tilipo. Amayi mwendo uja wayamba kupepuka, ana akupita kusukulu, ndipo alamu ako akungonenepa. Shopu ikuyenda, kungoti pulinta yayambiranso kutafuna mapepala.

Usadabwe kuti ine wotayipira anthu makalata ndakulembera pamanja. Ndikufuna mawuwa asafufutike.

Wandiimbira kasanu sabata ino. Ukuti fulashi yako yafa, ndipo kafukufuku wako, masamba makumi asanu ndi atatu aja unalembera pa kompyuta yanga patchuthi, akufunika Lachisanu, apo ayi sumaliza maphunziro chaka chino. Ukufuna ndikutumizire fayilo imene inatsala m'kompyutamo. Kasanu konse ndakuyankha kuti netiweki ikuvuta. Netiweki ili bwinobwino, mwana wa mayi anga.

Ukukumbukira mmene unabwerera m'shopu muno? Unkatayipa ndi chala chimodzi ngati nkhuku ikujompha. Ndinakulanda mausi n'kuitsekera m'kabati kuti manja azolowere kiyibodi. Ndinakuphunzitsa kuti ukalakwitsa uzidina Ctrl ndi Z, cholakwacho chibwerere m'mbuyo. Ndinakuphunzitsa Alt ndi Tab, kuti kasitomala akasuzumira uzisintha tsamba asawerenge kalata ya mnzake. Ctrl ndi W yotsekera tsamba mwachangu unaigwira tsiku limodzi. Mutu uli nawo, zimenezo sindingakane.

Ndinkakunyadira. Ndikalowa kuchokera kogula mapepala, ndinkaona chala chako chikuthamangira pa Alt, sikirini n'kuphethira, kafukufuku n'kuonekera. Mumtima ndinkati koma mwanayu ngwakhama. Alamu ako nawo, amene kwa zaka khumi sankadziwa ngakhale mtundu wa chitseko cha shopu, anayamba kubweretsa chakudya chamasana, amvekere mwana wasukulu asafe ndi njala. Ine n'kumathokoza. Uchitsiru wangawo ndi umene ukundiwawa kwambiri.

Koma alipo mabatani atatu amene ndinaiwala kukuphunzitsa: Ctrl, Shift ndi T. Ukawadina pamodzi, tsamba la pa intaneti limene watseka limatsegukanso. Ukabwereza, limabwera la m'mbuyo mwake.

Tsiku lotsatira utachoka, ndinatseka mwangozi fomu ya kasitomala. Ndinadina atatuwo, fomu inabwera. Chala chinaterereka, ndinadinanso. Inatseguka imelo yako, imene unangotseka osatulukamo.

Ndinawerenga zonse kasitomala ali chiimire pambali panga. Ndinaona dzina la nyumba yogona alendo ija munkakumanamo, ndi masiku ake, omwe aja ine ndinkadikirira amayi kuchipatala. Ndinaona pamene unalemba kuti achemwali anga amadziwa kusisita kiyibodi basi. Alamu ako anayankha ndi tinkhope toseka titatu.

Kasitomala anafunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, n'kumusindikizira fomu yake yopanda cholakwa ngakhale chimodzi.

Masabata atatu adutsa. Alamu ako ndikuwaphikira, ndikuwachapira, sakudziwa kanthu, ndipo tsiku lawo likubwera. Ndinalibe chochita nawe mpaka Lolemba, pamene unaimba ndi timawu tako tokoma tija: "Achemwali, ndinu nokha mungandipulumutse."

Ndiye nali phunziro lako lomaliza. Ukadina Delete yekha, fayilo imapita m'bini, ndipo ukhoza kukaitolamo. Ukagwira Shift n'kudina Delete, m'bini sidutsamo. Pamenepo ngakhale Ctrl ndi Z sathandiza.

Ndinatsegula kafukufuku wako n'kuwerengako masamba angapo. Unalemba bwino, sindinama. Pothokoza okuthandiza unayamba ndi alamu ako, ine ndinali wachinayi. Ndinatseka, ndinagwira Shift.

Kompyuta inayamba yandifunsa ngati ndikufunadi kutaya fayiloyo mpaka kalekale. Makina chabe, koma ulemu ali nawo. Inu awiri palibe anandifunsapo. Ndinadina Enter.

Anzako ochenjera akuuza kuti katswiri akhoza kuiukitsa. Asavutike. Tsiku lomwelo ndinakoperamo zithunzi ndi mavidiyo a ukwati wanga, kubwereza ndi kubwereza mpaka kompyuta inadzaza. Ndizo zakhala pamalo pa zaka zako zinayi zakukoleji. Iwenso ulimo, utavala diresi lija ndinakusokera, utandinyamulira maluwa.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi asamve zimenezi, mtima wawo ngwofooka. Anagula kale nsalu yoti adzavale tsiku lako lolandira digiri, ndipo tsiku lililonse amandifunsa kuti kwatsala masiku angati. Uwaimbire wekha, uwauze kuti kompyuta inavuta. Kunama umatha.

Mulungu akusunge ndi moyo wautali, kuti uzikumbukira. Undiperekere moni kwa azakhali ndi ana awo ukakawaona. Ana kuno akuti moni kwa amayi aang'ono.

Ndine mkulu wako,
amene anakuphunzitsa kutayipa.