Dripi ya Vailet

Lolemba, 10 Febuluwale 2025

Asankha ine! Lachinayi la sabata yamawa, pa msonkhano wam'mawa wa madokotala ndi anamwino, wolankhula ndine. Ine Teleza, zaka ziwiri zokha pa unamwino. A metironi, akulu a anamwino, angoti, "Amene munapita ku maphunziro ku Blantyre ndinu, mutigawireko." Nkhani yake ya mankhwala okweza bipi munthu akafooka ndi sepusisi, matenda atalowa m'magazi. Alipo atatu: noradirenalini, adirenalini ndi dopamini. Njira yonse ya m'minda ya tiyi ndabwera ndikulankhula ndekha. Mvula yandinyowetsa ambulera ali m'chikwama.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndawerenganso zimene ndinalemba ku maphunziro. Woyamba ndi noradirenalini. Akasowa, adirenalini. Dopamini anati amakonda kusokoneza kagundidwe ka mtima. Ndakafunsa ku famase. A Mathew, osunga mankhwala kumeneko, aseka, akuti noradirenalini chiyambire ntchito sanamugwirepo ndi manja. Awiri enawo alipo.

Mantha anga ndi a Fraser, adokotala a mu wodi yathu ya amayi. Zaka makumi awiri iwo ndi dopamini basi. Jakisoni woyamba pano anandiyang'anira ndi iwo. Ndikawayang'ana bwanji m'maso?

Lachisanu, 14 Febuluwale

Za lero ndilembe.

Cha m'ma 10 m'mawa kwabwera mayi, dzina lake Vailet, wa kwa Khwethemule, wotchola tiyi pa esiteti. Anabereka masiku asanu ndi limodzi apitawo. Amuna ake, a Philip, abwera naye pa njinga yamoto atamumangirira kumsana ndi chitenje. Thupi moto, mapazi ozizira, dzina lake lomwe osaliyankha. Bipi 70/40. Tampatsa madzi a m'dripi, tampatsa mankhwala opha tizilombo. Bipi pomwepo.

A Fraser anati dopamini. Ndinamuika ndi manja angawa.

Theka la ola lisanathe, mtima wayamba kuthamanga modumphadumpha. Ka 160 pa mphindi. Ndinaitana a Fraser. Ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu: "Adokotala, bwanji tiyeseko adirenalini?" Anagwira dzanja la Vailet, maso pa wotchi. Kenaka: "Kasakanizidwe kake mukukadziwa?" Ndinati eya. "Nanga mwaimiranji?"

Ndinathamanga! Makina oyendetsera dripi tilibe, ndiye kuwerenga madontho ndi maso, wotchi m'manja. Nkhomaliro sindinaiganize n'komwe. Pofika 4 koloko, bipi 95/60, mtima ukuthamangabe koma wasiya kudumpha. Ndinalowa m'chipinda chosungira nsalu, n'kutseka chitseko, n'kuvina ndekha pakati pa mabulangete.

Loweruka, 15 Febuluwale

A Fraser amutsuka m'chiberekero. Munatsalira kachidutswa ka nsengwa, ndiko kanayambitsa zonsezi. Akuti popanda kuchotsa kameneko, mankhwala onse atatu angakhale kungotaya nthawi. Ndalemba zimenezo, ndikazinena Lachinayi.

Masana mkodzo wayamba kutsikira m'thumba. Impso zadzuka! Sindinaganizepo kuti mkodzo wa munthu ungandisangalatse chonchi. Ndinaitana a metironi kuti adzaone. Anangopukusa mutu, "Mwana uyu."

A Philip tsiku lonse pa khonde, khanda m'manja, amayi ake a Vailet akulimwetsa mkaka ndi kakapu. Ndikadutsa amaimirira. Safunsa kanthu, amangondiyang'ana pankhope.

Lolemba, 17 Febuluwale

Dzulo kutchalitchi sindinamve ulaliki. Mutu wonse madontho.

Lero tachepetsa pang'onopang'ono mpaka kutseka. Bipi yaima yokha, 105/70. Yokha! Vailet watsegula maso, walankhula Chilomwe ndi amayi ake. Chilomwe changa ndi cha moni chabe, koma zimenezi ndinamva, amafunsa mwana. Tamuika pachifuwa pake. Wodi yonse inaimba, ngakhale mayi wa pa bedi 4 amene amadandaula chilichonse.

Potuluka a Fraser anandiimitsa. Ndinati basi, zanga zada. Iwo: "A nesi, munthu mmodzi si umboni, musakanene kuti mwapeza zonse. Koma Lachinayi mukayambe ndi nkhani yake. Mukanenenso kuti amene anayamba ndi dopamini ndine." Ndinangoti zikomo, kawiri.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Ndajambula tchati chachikulu, mizere itatu, mankhwala aliwonse ndi ubwino wake ndi kuipa kwake. Ndayeserera katatu pamaso pa mchemwali wanga Tione. Akuti ndikulankhula mothamanga ngati wolengeza mpira. Yunifomu ndachapa, koma ndi chifunga cha kuno kaya iuma. A Mathew akuti tilembe kalata yopempha noradirenalini, asainira nawo. Vailet wadya phala, wamaliza mbale.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndimamusambitsa Vailet m'mawa. Dzanja lamanja. Nsonga za chala chachikulu ndi chamkombaphala zada bii, zouma, zozizira. Lolemba ndinaziona zitachita mdima pang'ono, ndinati zibwerera.

A Fraser aziyang'ana nthawi yaitali. Akuti mwina ndi matendawo, mwina ndi mankhwala, mwina zonse pamodzi. Mankhwala amenewa amakweza bipi pofinya mitsempha, ndiye magazi kunsonga amavutika kufika. Ndikuzidziwa. Zili m'zolemba zanga, mzere umodzi pansi pa tsamba. Pa tchati sindinaziike. Adokotala akuti tidikire tione pamene zilekezere, koma nsongazo sakukhulupirira kuti zipulumuka. Anawonjeza kuti, "Popanda dripi ija bwenzi titaika maliro Loweruka." Zoona. Koma madontho aja ndinkawerenga ndine.

Zala ziwiri zimenezo ndi zimene amatcholera tiyi.

Tinamufotokozera, a Philip ali pomwepo. Vailet sanalire. Analitembenuza dzanjalo uku ndi uku, ngati la munthu wina. Kenaka anatulutsa linalo m'bulangete n'kunditambasulira. "A nesi, nanga ili? Taliyang'anitsitsani."

Ndinaligwira. Ndinakanikiza chikhadabo chilichonse, chimodzichimodzi, kudikira magazi abwerere. Zonse zisanu zofunda. Ndinamuuza.

Anati, "Yambaninso."