Pampu ya kwa Ababa

Lolemba, 13 Januwale

Ku Røros kwazizira madigiri 27 kunsi kwa ziro. Ababa ali okhaokha m'nyumba muja, ine kuno ku Trondheim mwendo wothyoka uli m'chikhakha. Ntchito yanga ndi kuyang'anitsitsa foni basi, poti imandionetsa mmene pabalaza pawo patenthera. M'mawa madigiri 19. Masana 14. Ndiye kuti azimitsanso pampu yotenthetsa nyumba.

Ndawaimbira. "Iwe Ragnhild, chipampu chakochi chikulira kuyambira dzulo osapuma. Ndakonza mafiriji zaka makumi anayi ine. Makina osapuma ndiye kuti atha, mawa apsa."

Koma Ababa!

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndafunsa Eivind, amene anaika pampuyo. Akuti kukazizira chonchi imayenera kuyenda tsiku lonse, ngakhale sabata yathunthu, ndimo anaipangira. Ukaizimitsa makoma amazizira, ndiye poiyatsanso imachita kuvutika. Ndawafotokozera Ababa pang'onopang'ono ngati kusukulu ya mkaka. Yankho lawo: "Ameneyo ndevu anamera liti?"

Chitofu cha nkhuni tinatseka chaka chatha, ataiwala chitseko chake chili pululu. Ndinakakamiza ndine. Lero zikundiwawa.

Lachitatu, 15 Januwale

A nesi Gunvor, amene amawayendera pakati pa sabata, awapeza akudya buledi ndi tchizi atavala jekete ndi chipewa. M'nyumba 12. Andiuza mosapsatira kuti akadzawapezanso choncho alemba kalata, Ababa apite kosungira okalamba. Sindingawadzudzule. Koma munthu anabadwira m'nyumba imeneyo, mpaka pano amagona chipinda chomwecho.

Ndalira, kenako ndatukwana chikhakha.

Lachinayi, 16 Januwale

31 kunsi kwa ziro. Azimitsa katatu. Ine kumangowerenga ngati chitsiru.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndinapempha a Oddvar, aneba awo, kuti amate tepi pa switchi. Ababa aichotsa ndi mpeni wa batala, a Oddvar asanafike n'komwe pageti.

Ndawakalipira, mawu okweza ndithu, chinthu chimene sindinachitepo. "Ababa, mukufuna adzakunyamuleni? Ndi zimene mukufunazo?" Ndimamva pampu ija ikung'ung'udza kumbuyo kwawo. Kenako akuti, "Ndikudziwa, mwanangu. Koma ndikaimva ikulira choncho, dzanja limangopita lokha."

Ndawafunsa ngati adya. Akuti adya nsomba ndi mbatatesi, koma ndikukayika.

Loweruka, 18 Januwale

M'mawa 21! Sanaikhudze. Ndadumpha ndi mwendo umodzi mpaka kukhitchini, ndapanga khofi, ndikuimba nyimbo ndekhandekha. Mwina kukalipa kuja kwagwira.

Masana 21.

3 koloko, 21. Ndimati ndiwayamikire. Foni yaitana mpaka kuduka. Kachiwiri chimodzimodzi. Ababa sagona masana, ndipo kunja kotereku sangatuluke.

Ndaimbira a Oddvar. Asuzumira pawindo lawo, akuti nyuzipepala ya Ababa ikadali m'bokosi, ndipo pa chipale chofewa chimene chagwa pakhomo pawo palibe phazi la munthu. "Usadandaule, mwana iwe, ndikuvala nsapato. Kiyi wawo ndili naye penapake."

Papita mphindi khumi. Pampu yayenda kuyambira usiku osaima, m'nyumba muli mofunda bwinobwino. Foni ili pabondo panga, 21.

Ababa, zimitsani chonde.