Mapepala 41 M'dengu

Kabwata, Lusaka
12 Okutobala 2024

Okondedwa akulu anga a Imelda,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kukulolani kufika kudimba. Kuno tili bwino, kungoti kukutentha, ndipo sabata ino magetsi tawaona maola 17 okha.

Mwana wanu Meshack anabwera kuchokera ku Amereka ndi mkazi wake Helen, nakhala nafe masiku 23. Mpongoziyo ndamukonda. Amalankhula mokweza ndipo sagwada, koma moni umene anapatsa mlonda wa pageti la tchalitchi ndi womwewo umene anapatsa abusa. Tsiku lina ndinawerenga, anafunsa kuti "chifukwa chiyani?" ka 14. Akuti kwawo amavotera ngakhale oyang'anira masukulu a m'dera, ndipo amayi ake, ogulitsa m'sitolo chabe, anatsutsapo meya pamsonkhano n'kubwerera kunyumba kukaphika osaopa kanthu.

Mukudziwa kuti ndakhala wapampando wa Chigwirizano cha amayi zaka 19. Chaka chilichonse mlembi ankati, "Ofuna kuti amayi Miti apitirize akweze dzanja," ine ndili kutsogolo, manja onse m'mwamba. Nditamuuza Helen monyada, anati, "Amama, nanga wosafuna angatsitse bwanji dzanja inu mukumuyang'ana?"

Funsolo linandilasa. Ndinadula mapepala 41 kuti chaka chino tisankhe mwachinsinsi pakati pa ine ndi Elizabeth Ng'andu wa ku Chelstone uja. Helen anati aliyense angochonga pafupi ndi dzina. Ndinakana. Ine mphunzitsi wa zaka 34, amayi anga azichonga ngati osaphunzira? Ndinati aliyense alembe dzina lonse.

Apo mpamene ndinalakwa, akulu anga. Mapepala atalowa m'dengu, amayi anati, "Muwerenge ndimwe, ba Miti, imwe simuphonya." Anaika Helen pambali panga ngati mboni, poti ndi mlendo. Nditangofunyulula pepala loyamba ndinazindikira dzanja la mwini wake. Mwa amayi amenewa, 26 ndinawaphunzitsa kulemba ndine, ndipo otsalawo ndakhala ndikuona kalembedwe kawo m'kaundula. Chinsinsi panalibe. Pepala la 30 linali la Emmy, mnzanga amene ndinamudikirira kuchipatala masiku asanu ndi limodzi. Analemba Elizabeth.

Zinatuluka Elizabeth 21, ine 20. Ndinawerenga katatu. Pepala limodzi la Elizabeth inki inali itabalalika ndi thukuta. Ndikanati lawonongeka, tikanafanana, tikanabwerera ku zokweza manja, ndipo mukudziwa mmene zikanathera. Ndinaligwira nthawi yaitali.

"Mukutha kuliwerenga, amama?" Helen anafunsa chapansipansi.

"Ndikutha."

"Chabwino," anatero.

Ndinaimirira n'kulengeza. M'chipindamo aliyense anali maso pansi ngati pamaliro. Helen yekha anayamba kuomba m'manja, akuyang'ana ine. "Kwathu wogonja ndiye amayamba kupereka dzanja," anandinong'oneza, "ngakhale kuti ena zimawakanika." Ndinayenda kupita kwa Elizabeth, ndinamugwira dzanja, n'kumupatsa makiyi onse atatu a kabati. Iye analira. "Ba Miti, mundikhululukire." Ndinati, "Walakwa chiyani? Khala pampando, nthawi ikutha."

Anthu a ku Amereka ali ndi zawo zimene timaona pa TV, koma ichi cholola munthu kukana popanda mantha ndachilemekeza, ngakhale chandiwawa. Mapepala ndinawatentha pambaula tsiku lomwelo. Mayina 21 aja ali m'mutu mwanga ndipo sadzatuluka. Inu ndakuuzani limodzi lokha, chonde liiwaleni. Chaka chamawa tidzachonga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Norbert, ndipo mukapeza wobwera kuno munditumizire nyemba za ku Katete. Helen anafika bwino ku Amereka, waimba kale foni kawiri. Emmy akuti ndikupatseni moni wambiri. Lachinayi tinakhala benchi limodzi, lachitatu kuchokera kumbuyo, buku la nyimbo limodzi awirife. Sadziwa kuti ndikudziwa. Kuchokera pamenepo kukafika kutsogolo ndi mapazi 27. Ndinali ndisanawerengepo.

Ndine mng'ono wanu wokukumbukani,
Thandazani Miti