Zaka ziwiri zimene ndinamuwonjezera Lusiyano

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tonse tilipo, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe.

Nkhani ndi ya mwana wanu Lusiyano, ndipo wolakwa ndine malume wake. Mwezi watha anapita ku Blantyre, kumpikisano wosankha anyamata osakwana zaka makumi awiri oti akathamange kunja kwa dziko, kuthamanga kwa m'matope ndi m'zitunda kuja. Anakhala woyamba. Munthu wozolowera kukwera phiri la Chambe ndi katundu pamutu, zitunda zawozo ankangoziona ngati mizere ya m'munda.

Polemba mayina anamupempha chiphaso. Mphunzitsi wa othamangawo atachiyang'ana anati, "Iwe zaka zapitirira, sungapite nawo."

Achemwali, zaka ziwiri zapamwambazo ndinawonjezera ndine. Nthawi yolembetsa ziphaso ija ndinamukulitsa dala kuti amulembe ntchito yothyola tiyi kuesiteti. Ndinkayesa ndikumuthandiza. Ntchitoyo anangogwira miyezi itatu basi.

Chonde fufuzani m'sutikesi mwanu khadi lake la kusikelo, lija munapita nalo. Akuti likapezeka msanga mwina akhoza kukonza zaka za pachiphasocho. Mulijambule pafoni n'kutumiza.

Lusiyano akanandikalipira bwenzi mtima wanga utakhalako pansi. Koma pobwera anangovula chipewa n'kuti, "Amalume, ndabwerako." Mpaka lero m'mawa uliwonse akumathamangabe kudutsa pakhomo panga, ndipo ine ndikamva mapazi ake ndimalowa m'nyumba.

Mulungu akusungeni. Mukandikalipira inuyo ndimva.

Ndine mlongo wanu,
Bizwiki