Mpando Wakumbuyo wa Galimoto ya Laurindo

Moatize, 17 Malichi 1957

Okondedwa achimwene a Valentim,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Zóbuè, inu ndi alamu anga? Nanga chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndili bwino, kupatula mawondo amene amadandaula mvula ikamayandikira. Kutentha kwa kuno ndi fumbi la malasha sindinazizolowerebe.

Uthenga wanu unafika ndi a Matias a lole. Akuti mwalamula kuti muphwa wanu Laurindo agulitse galimoto yake Pasaka isanafike, chifukwa yamuzunguza mutu mpaka wanyozetsa apongozi ake. Mwana wangayo anangoti mawu a atsibweni sabwezedwa, kenako anakakhala m'galimotomo osailiza. Ndiye ndati ndilembe ine amene ndinaona zonse. Mukudziwa kuti chiyambire kuphunzitsa ku misoni sindinena chinthu ndisanachiwerenge.

Galimotoyi anaigula kwa a Salimo a sitolo itatopa kale. Ndi yaing'ono, yongopitira kuntchito ndi kubwerako. Poyamba inkayenda ngati bulu wosenza mchere. Tsiku lina popita ku Tete njinga ziwiri zinatipitirira pachitunda, ndipo wa njinga yachiwiriyo anatipatsa moni.

Laurindo anasintha zinthu zisanu ndi chimodzi, akaweruka ku ofisina ya mgodi kumene amakonza makina. Anayamba ndi mabuleki. Nditamufunsa chifukwa chimene munthu wofuna liwiro akuyambira zoimitsa, anati amene sakhulupirira phazi loimitsira sangasangalale ndi phazi linalo. Kenako anamasula karibuladori, kachipangizo kosakaniza gazolina ndi mpweya, natsukira tizidutswa take pa thireyi yanga ya tiyi. Tinalipo makumi atatu ndi kamodzi, ndipo tonse tinabwereramo, ndinaonetsetsa ndekha. Chachitatu, anapala pang'ono chivindikiro cha injini kuti moto uziyaka mothinana. Anati ukapala mopitirira injini yatha, ndipo tsiku limenelo sanadye. Anaikanso paipi ya utsi yotakata kuti injini izipuma bwino, nawonjezera chitsulo pa mamola akumbuyo, zitsulo zonesa zija, kuti galimoto isamapendame pokhota.

Zisanuzi ndimazinyadira, achimwene. Mwana amene munkamutuma kukaweta mbuzi, lero azungu a kumgodi amaima kumufunsa chimene anaichita galimoto ya a Salimo. A Salimo eni ake anamupempha kuti awagulitsenso, iye anakana.

Chachisanu ndi chimodzi ndicho chinalakwika. Anati mpando wakumbuyo ukulemera ngati thumba la chimanga, ndipo anauzula napatsa munthu wometa tsitsi kumsika. Galimoto inapepukadi. Koma m'nyumba monse muno palibe amene anaganizako za apongozi.

Mwezi watha asewere anga a Perpétua, amayi ake a Inês mkazi wa Laurindo, anabwera kuchokera ku Benga kudzaona mwana wawo poti ndi woyembekezera. Ali kuno phazi linatupa ndi munga, moti sakanatha kubwerera wapansi. Laurindo anabweretsa galimoto pakhomo natsegula chitseko mwaulemu, maso ali pansi. Apo ndi pamene tonse tinaona kuti mpando wotsala ndi umodzi, wa pambali pa woyendetsa. Mayi amene sanadyepo pamaso pa mkamwini wake angakhale naye bwanji bondo ndi bondo?

Zimene mwamva zoti anawakhazika pambali pake si zoona. Asewere anaitanitsa mphasa, naiyala pansi kumbuyo kuja, nakhala chofulatira atafunda nsalu kumutu. Inês ndiye anakhala kutsogolo. Msewu wa ku Benga ndi wa mabampu, ndipo mamola olimba aja sanawachitire chifundo. Anthu a kwawo anaona mayi wamkulu akutsitsidwa ngati katundu, mtedza umene ananyamula utamwazika. Manyazi ake anali amenewo, ndipo sindikuwachepetsa.

M'mawa mwake Laurindo anatuma munthu ndi nkhuku kukapepesa. Sabata yomweyo anapanga mpando wina wa timapaipi topepuka, woluka ndi mlaza, woti ngakhale ine ndimaunyamula ndi dzanja limodzi. Galasi loonera kumbuyo analichotsa m'kati nalimanga panja pachitseko, kuti maso ake asamakumane ndi a apongozi. Zimenezi palibe anamuuza.

Tsono pali mbali imene a Matias sanakuuzeni. Tsiku lija, asewere atangoponda pansi ku Benga, anakokera Inês pambali namufunsa ngati liwiro la chinthucho linali lomwelo basi. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse amavala m'mamawa kudikira galimoto kuti iwatengere ku Misa kuno. Mwambo sanauphwanye, ndi Laurindo salankhulana. Koma tikafika pamalo owongoka kufupi ndi mtsinje wa Revubué, amagwira Inês paphewa kuti auze amuna ake kuti akumbuyo sanabwere kudzagona. Inês amanena, Laurindo amayankha kwa mkazi wake kuti wamva, injini n'kusintha mawu. Lamulungu lapitali asewere anauza Inês kuti afunse ngati palibe china choti n'kuzula, poti wansembe wa njinga yamoto anatsala pang'ono kutipeza.

Ine ndimakhala nawo kumbuyoko n'kumawerenga mitengo ya mawaya. Ulendo wachiwiri chiwerengero chinandisokonekera pakati, chifukwa ndinali kuseka. Musaganize kuti mwanayo ndi wosasamala. Pamudzi paliponse amachepetsa liwiro, ndipo mpaka lero sanaphe ngakhale nkhuku imodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Musagamule mlandu wa galimoto imene simunaikwere. Tikubwera Loweruka la Pasaka ngati misewu yauma. Laurindo akufuna muone mmene ikukwerera zitunda za kwathuko, zimene kale sikanaziyerekeza. Mudzakwere kuchokera pakhomo panu mpaka kumalire a dziko ndi kubwerera. Mukadzatsika mtima wanu uli pomwepo, iye wanena kuti adzaipereka kwa a Salimo Lolemba lake, ndipo ine sindidzalankhulanso.

Asewere amva za lamulo lanu ndipo ati abwera nawo, chifukwa onyozedwawo ndi iwo, ndiye ofunsidwa akhalenso iwo. Inês sabwera, masiku ake ayandikira. Choncho mpando wakutsogolo ndi wanu. Mudziwiretu kuti wokhala pamenepo ndiye amalandira mawu ochokera kumbuyo n'kuwafikitsa kwa woyendetsa, ndipo asewere sakonda mthenga wochepetsa uthenga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa achemwali a Deolinda ndi ana awo, ndi kwa azakhali ngati makutu akuwalolabe kumva. Laurindo ndi Inês akuti moni ndi manja awiri. Muuze anyamata azule chitsa chili panjira yolowera kwanu, galimotoyi ndi yaifupi pansi.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Ermelinda