Mphindi Imodzi ya Mawu a Bambo

9 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti mwendo wa Bambo wayambanso kutupa. Mankhwala munatumiza aja anafika, ndipo njinga yawo ya olumala ija ndinaisintha matayala. Ndasankha kulemba papepala chifukwa pa foni ndimangoti zonse zili bwino, inu n'kukhulupirira.

Mukukumbukira ntchito yanga ija munkaiseka kuti ndi zidole za anthu akuluakulu? Inatheka. Anandipatsa chipinda m'nyumba yakale yosungiramo katundu, momwe tsopano amaonetseramo zaluso. Ndinapachika zitini makumi anayi kudenga, chilichonse ndi kasipika kake m'kati. Pakati pa chipinda pali paipi yachitsulo. Munthu akalankhuliramo, mawu ake amalumpha kuchoka chitini ichi kupita icho, kumuzungulira, akucheperachepera, ndipo ikatha mphindi imodzi makina amafufuta. Ndinachita dala kuti pasamatsale kanthu. Anthu amatsanuliramo zakukhosi podziwa kuti palibe adzazimve mawa. Ndinkanyada nazo, Achemwali.

Masabata atatu apitawo mayi amene amasamalira Bambo masana anadwala, choncho ndinawatenga Bambo kuntchito. Mukudziwa kuti chiwagwirireni sitiroko, chaka ndi theka tsopano, pakamwa pawo sipanatulukepo liwu lomveka. Ndinawaimika pafupi ndi paipi ija, ine n'kukwera makwerero kukalumikiza waya woduka. Munali anthu ochepa. Mayi wina anali atangoimbiramo kanyimbo kotonthozera mwana, zitini zikupatsirana. Ndinaona Bambo akutsatira nyimboyo ndi maso. Mayiyo atatuluka, Bambo anakokera paipi kukamwa ndi dzanja lawo labwino lija.

"Nyerere," anatero, "tseka zenera, mvula ikubwera."

Achemwali, anali mawu awo enieni, okhuthala aja ankatontholetsa kalasi yonse popanda ndodo. Dzina lanu lapaubwana linadzaza chipinda, Nyerere uku, Nyerere uko. Mlonda wa pakhomo, bambo wachikulire amene anandithandiza kuwalowetsa, anathamangira m'kati.

"Mayi, foni! Jambulani msanga!"

Foni inali m'thumba la ovololo. Ndinangoima pamakwerero, waya m'manja, osasuntha. Mphindi inatha, zitini zinangoti zii.

Mlonda anavula chipewa. "Koma makinawa sasunga ngakhale pang'ono?" Ndinati ayi. "Iii, ndani anapanga chinthu chouma mtima chonchi?" Kenako anakumbukira kuti akulankhula ndi mwini wake, n'kuyamba kupepesa.

Ndayesa zonse. Ndinamasula bokosi la makinawo n'kupita nalo kwa mnzanga wokonza makompyuta, amene amadziwa kubweza zithunzi zofufutika. Anakhala nalo masiku awiri. Pondibwezera anati, "Mnzanga, ntchito unaigwira bwino mopitirira. Mulibe ngakhale kutsokomola."

Ndabwererako ndi Bambo kasanu, foni ili chiyatsire. Ndawaimbira nyimbo, ndawatchulira dzina lanu, tsiku lina ndinafika potsegula mazenera onse mvula ikugwa. Amangoyang'ana paipi, malovu akutsika, ine n'kumapukuta. Ulendo wachisanu anatembenuzira nkhope kukhoma, misozi ili mbwembwembwe. Adokotala akuti zimachitika, liwu limatha kutulukira kamodzi osadzabweranso, ndipo ndileke kuwatopetsa. Ndaleka.

Azakhali akuti ndinangodzidzimuka, ndisadziimbe mlandu. Nanenso ndikulakalaka zitakhala choncho. Koma pamakwerero paja mlonda ndinamumva bwinobwino, ndipo dzanja langa linkadziwa pamene panali foni. Mumtima ndinkati: ine ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimawadyetsa ndi sipuni, koma pakamwa potseguka kamodzi kokha aitana inu, amene munachoka zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kaya chimene chinandigwira dzanja ndi mantha, kaya ndi nsanje, sindikudziwa, ndipo ndikaganiza kwambiri mutu umangondiwawa. Mawuwo anali anu, koma tinawamva ndi ine ndi mlonda. N'chifukwa chake Lamlungu lija munafunsa kuti kuli chatsopano, ndinayamba kukamba za matayala. Mundikhululukire ngati mungathe.

Chionetsero chitsekedwa Loweruka, ndiyenera kutsitsa zitini zonse. Sindikupemphani kuti mubwere. Ndikudziwa za mapepala anu, kuti mukatuluka kumeneko sadzakulolani kulowanso. Pempho langa ndi lakuti muziimba foni chakumasana, akakhala maso. Musamawafunse kuti akupeza bwanji, pakuti kulephera kuyankha kumawapweteka. Muzingowauza zilizonse, ngakhale zimene ana aswa m'nyumba. Komanso ngati mungapeze masokosi otakasuka, tumizani, awa akuwathina.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Azakhali akupereka moni. Ndawauza Bambo kuti ndikulembera inu, ndawafunsa ngati ali ndi moni woti ndiikemo. Andigwira mkono wa malaya, mpaka pano sanausiye, n'chifukwa chake zilembo zapendama kumapetoku. Mwina akungofuna madzi, sindikudziwa. Ine ndalemba kuti ndi moni wanu.

Ndine mng'ono wanu.